Niter yalanda malo a Dam, Industrial Zone yatsika kuchoka pa +8

Pulani ya mizinda iwiri pa mtsinje umodzi mu masewera a pa kompyuta a Civilization VI yafera pa tile (kachigawo ka mapu) imodzi yokha. Kwa anzathu a gulu la Loweruka ku Rosettenville amene munaona mapu aja, masamu ake anali otere: Industrial Zone (district ya mafakitale, yomwe imapeza production kuchokera ku zoyandikana nayo) pakati, Aqueduct (ngalande ya madzi) ya mzinda uliwonse ikupereka +2, Dam ina +2, ndiye ma district anayi oyandikana, kuwerenga ndi City Center, akuwonjezera +2, theka pa district iliyonse. Zonse pamodzi +8. Khadi ya Craftsmen, yomwe imachulukitsa bonasiyi kawiri, ikalowa zimafika 16, ndipo Coal Power Plant imabweretsanso production yofanana ndi chiwerengero chimenecho.

Chasokoneza ndi Military Engineering. Tekinoloje imeneyi ikangotha, niter, strategic resource yopangira onga wa mfuti, imaonekera pa mapu, ndipo imakonda malo athyathyathya, ma floodplains (zigwa zosefukira madzi) omwe. Masewerawa salola kuika district pa strategic resource yomwe yaoneka kale. Nayo Dam ndi yovuta kusankhira malo: imafuna floodplains, mtsinje udutse mbali ziwiri za tileyo kapena kupitirira, komanso mtsinje umodzi umalandira Dam imodzi basi. Pa mtsinje uwu tile yoyenera yogundana ndi Industrial Zone inali imodzi, ndipo niter yatulukira pomwepo. Dam ikachoka, zikutsala +6: ma Aqueduct +4, niter yoyandikanayo +1, ndipo ma district atatu amangopereka +1, theka lija limatayika.

Mankhwala ake ndi dongosolo la kafukufuku. Malizani Buttress, tekinoloje yotsegula Dam, ikani maziko a Dam, kenako mupite ku Military Engineering. Simufunika kuimanga nthawi yomweyo. Kungoiika kumagwira malowo, mtengo wake umaima pomwepo, ndipo niter ikadzatulukira pansi pake mumailandirabe. Dam ndi Aqueduct siziwerengedwa pa malire aja a district imodzi pa population 1, yachiwiri pa 4, yachitatu pa 7, choncho palibe chodikirira.

Ena amadandaula kuti malamulo otere ndi ouma kwambiri, koma ine ndimawakonda. Ed Beach, amene anatsogolera kapangidwe ka masewerawa omwe anatuluka mu 2016, ndi katswiri wa masewera a pa tebulo, ndiye mwini Here I Stand ya 2006. Kutulutsa mzinda mu tile imodzi n’kuumwaza pa ma hex kumamveka ngati masewera a pa tebulo a Suburbia a Ted Alspach, momwe fakitale imatsitsa mbiri ya tauni ikagundana ndi nyumba za anthu. Kusiyana kwake, pa tebulo malo omangapo ali poyera, palibe chuma chobisika pansi pa katoni. Bokosi la Suburbia logwiritsidwa kale ntchito limapezeka nthawi zina pa Facebook Marketplace kuno ku Joni, koma werengani ma tile musanapereke ma randi anu.

Chotsatira ndi kuyesa Germany pa Deity (mlingo wovuta koposa), Hansa zitatu (Industrial Zone ya Germany) kuzungulira Commercial Hub (district ya malonda) imodzi, magetsi akalola.