Zikomo kwa amene munazula hatchi ya bambo anga m'matope

Ndikulemba m'malo mwa bambo anga, omwe za foni sadziwa. Akhala akuweta ng'ombe kufupi ndi Ngabu kuyambira ndisanabadwe, ndipo hatchi yawo ija, Mphepo, inali yokhayo m'dera lathu. Ana ankaithamangira kukaiona ngati ndege.

Namondwe Freddy atadutsa mu Marichi 2023, dambo lathu linasanduka phala. Mphepo, yokalamba kale, inatitimira mpaka pamimba ikulondola ng'ombe. Bambo analowa m'matopemo, anakumbatira khosi lake n'kukana kutuluka. Ife tinkangolira.

Inu anyamata a kabaza amene munasiya njinga zanu pamsewu wa M1, sitikukudziwani mayina. Munadula mitengo n'kuyala pamatope, munakulunga chingwe pansi pa chifuwa cha Mphepo osati m'khosi, poti mmodzi wa inu anati ingatsamwe. Nzeru imeneyo ife tinalibe. Ndi inu mayi amene munavula chitenje n'kuiphimba kumaso kuti isachite mantha, mvula ikukumenyani, Mulungu akudalitseni. Chitenjecho tinachapa, chikukudikirani.

Ndalama imene bambo anatulutsa munaikana, munangoti, "Agogo, kagulireni mchere ng'ombe."

Mphepo inafa chaka chathachi ndi ukalamba, pansi pa mtengo wa bwemba pomwe bambo ankaipatsa madeya m'beseni. Chishalo chake anachipachika pakhonde, ndipo salola aliyense kuchigwira. Ati mukadzadutsa ku Ngabu mudzapatuke, mbuzi yanu ilipo.