Kusintha firmware popanda ST-Link: zomwe taphunzira pa LibOpenBLT

Abale amene mumapanga zida zoyendetsa mapampu a zitsime ndi ma inverter kuno ku Harare, vutoli mukulidziwa. Kabodi kakangotsekeredwa m'bokosi ku Mufakose kapena ku Highfield, kukamasula zomangira kuti mulumikize ST-Link, kachida kolembera pulogalamu mu chip, ndi ntchito yogwetsa ulesi. Mankhwala ake ndi bootloader, kapulogalamu kokhala kumayambiriro kwa flash (memory ya mu chip) kolandira firmware (pulogalamu yoyendetsa kabodi) yatsopano pa waya wamba. Phunziro lathu linali la mbali ya kompyuta yotumiza firmware ku bootloader ya OpenBLT, ndipo tinagwiritsa ntchito laibulale ya LibOpenBLT ya kampani ya Feaser, yolembedwa mu C, yomwenso imayendetsa BootCommander ndi MicroBoot, mapulogalamu a Feaser otumizira firmware.

Laibulaleyi imayenda pa Windows ndi pa Linux, imamangidwa ndi CMake, ndipo mutha kuiyitana kuchokera mu Python kapena C#. Imalankhula ndi bootloader mu XCP, njira yotumizirana mauthenga, kudzera pa RS232, CAN, USB kapena TCP/IP. Pa RS232 inu mumaipatsa dzina la doko, kaya COM3 kaya /dev/ttyUSB0, liwiro lake ndi nthawi zodikira yankho, zotsalazo imasamala yokha.

Ndondomeko ndi yaifupi. BltFirmwareInit ndi BltFirmwareLoadFromFile zimawerenga fayilo ya S-record, yomwe mumaipeza ndi objcopy -O srec. Fayiloyi imasunga maadiresi pamzere uliwonse, choncho laibulale imagawa deta m'zigawo. Kenako BltSessionInit ndi BltSessionStart zimalumikiza kabodi. Fufutani zigawo zonse kaye ndi BltSessionClearMemory, kenako lembani ndi BltSessionWriteData, n'kumaliza ndi BltSessionStop. Mukamafufuta ndi kulemba mosinthanasinthana, zigawo ziwiri zikakhala m'tsamba limodzi la flash, kufufuta kwachiwiri kumameza zomwe mwalemba kumene. Lembani pang'onopang'ono, monga mabayiti 256 nthawi imodzi, kuti wogwiritsa ntchito azitha kuona pamene ntchito yafika.

Pamene ambiri amagwa si mu laibulale ayi, ndi pa maadiresi. Pa STM32F103C8 flash imayambira pa 0x08000000 ndipo tsamba lililonse ndi 1 KB. Mukapatsa bootloader 8 KB, firmware iyenera kuyambira pa 0x08002000, ndipo izi mumasintha mu linker script, fayilo yonena maadiresi omwe pulogalamu ikhalepo. Mukaiwala, bootloader imakana kufufuta chifukwa mwaiuza kuti idzifufute yokha. Pali msampha wina wobisika: khodi yoyambira ya firmware ikabwezera VTOR, rejisitala yoloza pomwe pali vector table (tebulo la maadiresi a ma interrupt), pa 0x08000000, pulogalamu imayamba bwinobwino, koma interrupt yoyamba ikangobwera imathamangira ku tebulo la bootloader, kabodi n'kuuma. Mungataye tsiku lonse mukukayikira waya wosalakwa.

Kulumikizana nakonso kuli ndi nthawi yake. Kabodi kakayatsidwa, bootloader imadikira pafupifupi 500 ms, ikapanda kumva kanthu imayambitsa firmware. N'chifukwa chake BltSessionStart muiyike mu loop yoyesa mobwerezabwereza pamene munthu akudina reset. Chabwino koposa n'choti firmware yenu izimvetsera yokha uthenga wolumikiza wa XCP ndi kudziyambitsanso, poti pa chitsime palibe amene angapeze batani lija. Liwiro lokhazikika la RS232 ndi 57600 bit/s, pa CAN ndi 500 kbit/s ndi ma ID 0x667 ndi 0x7E1.

Funso lomwe aliyense wa mu mzinda uno amayamba kufunsa ndi lakuti magetsi akazima pakati pa ntchito chimachitika n'chiyani. Apa mapangidwe ake ndi anzeru. Bootloader imasunga mu RAM chigawo choyamba cha firmware, chomwe chili ndi vector table, n'kuchilemba pamapeto pamodzi ndi checksum, nambala yotsimikizira kuti ntchito yatha bwino. Ntchito ikadukira panjira checksum sikhalapo, bootloader imakana kuyambitsa firmware yoperewera ndipo imadikira kuti muyambirenso. Ndiye kulumpha BltSessionStop n'chimodzimodzi kuzimitsa magetsi dala. Koma musaikhulupirire mopitirira muyeso: checksum imeneyi imawerengedwa pa mizere yoyambirira ya vector table yokha, sikuti imayesa pulogalamu yonse. Ngati waya ndi wautali ndipo wadutsa pafupi ndi mota ya pampu, onjezani CRC32 yanu ya firmware yonse, kapena werengani zomwe mwalemba ndi BltSessionReadData n'kuzifananiza ndi fayilo.

Zina ndi zing'onozing'ono koma zimadya nthawi. Pa Ubuntu, dzina lanu likhale m'gulu la dialout, apo ayi doko silitseguka. Ndi adaputala ya CH340 kapena CP2102, TX ipite ku RX, GND ilumikizidwe mbali zonse, ndipo jampala ikhale pa 3.3 V. Amene mukufuna kugulitsa zida zanu, werengani laisensi musanayambe: OpenBLT ili pansi pa GPL 3, ndipo wosafuna kuulula khodi yake ayenera kugula laisensi yamalonda kwa Feaser.