Mmene ndinafufuzira mphwanga wogwidwa ku nkhondo ya ku Ukraine

Mphwanga anachoka ku Mufakose, mu Harare, akuti wapeza ntchito ya ulonda ku Russia. Kenaka foni yake inangoti zii, mpaka pamene vidiyo inatulukira pa Facebook, iye ali mu yunifolomu ya usilikali, omugwira akumupanikiza ndi mafunso. Mlongo wanga anangoti, "Achimwene, mwinimbumba ndi inu."

Ndinayambira ku ofesi ya Zimbabwe Red Cross Society mu Harare momuno, kwa amene amalumikizanitsa mabanja. Salipiritsa. Fomu yake imafuna dzina lonse, tsiku ndi malo obadwira, mayina a makolo, ndi kumene munamumvera komaliza. Padzinapa m'posamala kwambiri. Ambiri mwa ife amene makolo athu anachokera ku Malawi tili ndi dzina la kunyumba ndi lina la pachitupa, pomwe asilikali analemba la pa pasipoti, mwinanso m'zilembo za Chirasha. Tengani fotokope ya pasipotiyo, ndi nambala yake ya usilikali ngati anakutumizirani.

Fomuyo imapita ku Central Tracing Agency, ofesi yofufuza anthu osowa ya ICRC (komiti ya Red Cross ya padziko lonse) ku Geneva, yomwe mu Malichi 2022 inatsegula nthambi yoona za nkhondo imeneyi yokha. Mayi amene ankandithandiza anandifotokozera chifukwa chake kumeneko kumapezeka mayankho. Pangano lachitatu la Geneva la 1949 limati msilikali akafika kumsasa wa akaidi, pasanathe sabata aloledwe kulemba khadi lodziwitsa abale ake ndi bungwelo kuti wagwidwa, ndipo dziko lomusunga litumize dzina lake. Iwo amangofananiza mayinawo ndi mafomu athu.

Ndinafunsa zomwe anthu ankanena kutchalitchi, zoti mlendo womenyera ndalama alibe chitetezo. Lamulo lowonjezera pa mapangano a Geneva la 1977, ndime 47, limamanadi anthu otere ufulu wa mkaidi wa nkhondo, koma silikhudza munthu wolembedwa m'gulu lankhondo la dziko lomwe likumenya nawo. Vidiyo ija mayi aja anandipempha tisaifalitsenso, chifukwa ndime 13 ya Pangano lachitatu lija imaletsa kuonetsa mkaidi kuti anthu azimuchitira chidwi. Kuletsa azakhali pa WhatsApp ndiye inali ntchito yokhayokha.

Kudikira kunatalika. Atatiimbira kuti dzina lapezeka ndipo ali moyo, anandipatsa pepala la uthenga wa Red Cross. Silimatidwa, oyang'anira msasa amaliwerenga, choncho mumalemba za pabanja zokha: kuti amayi ake akupeza bwino, mwana wayamba sukulu. Za ndale ndi za nkhondo ayi.

Mlongo wanga anafunsa za tsiku lobwera. A Red Cross alibe mphamvu yomasula munthu. Ndime 118 ya Pangano lachitatu imati akaidi amasulidwe mosachedwa kumenyana kukatha, ndipo kusinthana akaidi nkhondo ili mkati kumadalira mgwirizano wa maboma awiriwo. Anatiuza kuti tikasintha nambala ya foni kapena kusamuka, tiwadziwitse msanga, chifukwa yankho lake lidzadzera ku ofesi yomweyo.