Loweruka ku Chinamwali, ndi laputopu ya azakhali

Lero ndimati ndichape zovala kenaka ndikwere kuphiri kukapitidwa mphepo, koma foni ya azakhali inandipeza ndisanamwe n'tiyi yemwe. Moni sanapereke. "Iwe, zithunzi zonse za amayi zapita. Tabwera kuno." Amayi akunenedwawo ndi agogo athu, amene tikukavundukula chiliza chawo mwezi wamawa, ndipo pachibale tinagwirizana zosindikiza nkhope yawo pamalaya ndi papulogalamu ya mwambowo. Zithunzi zonse zinasonkhanitsidwa pa laputopu ya azakhali, poti ndi iwo osunga zinthu kwathu, kuyambira malisiti a fizi mpaka makadi a kusikelo a ana amene pano ali ndi ndevu.

Ndinakwera kabaza kuchoka ku Sadzi, kudutsa m'tauni ya Zomba, n'kulowa msewu wa ku Liwonde. Ndinawapeza atakhala pakhonde, laputopu ili pa mpando, iwo atagwira tsaya.

Nkhani yake ndi iyi. Masabata apitawa makinawo ankachedwa kwambiri, ndiye anawapititsa kwa mnyamata wina wokonza makompyuta m'tauni. Iye anawaikira Windows ina, n'kuwabwezera mafoda awo onse. Liwiro linabweradi. Koma dzulo atadina chithunzi cha agogo, m'malo mwa nkhope kunatuluka kabokosi kofunsa m'Chingerezi kuti faeloyi aitsegule ndi chiyani. Adina china, kabokosi komweko. Atamuimbira mnyamata uja, akuti anangoyankha kuti, "Ibweretseni mayi, tiifomatenso." Mwayi wake azakhali anayamba aimbira ine.

Choyamba ndinatsegula foda ya zithunziyo n'kuisintha kuti ionetse zonse mwatsatanetsatane: dzina, mtundu wa faelo ndi kukula kwake. Zonse zinalimo. Zambiri zinali za mtundu wa JPG, china mamegabaiti awiri, china atatu. Faelo yopanda kanthu imaonetsa 0 KB, ndipo panalibe ngakhale imodzi yotero. Ndinakoka chithunzi chimodzi n'kuchiponya pa Chrome, ndipo agogo anatulukira pa sikirini atavala duku lawo la kumvano. Azakhali anaomba m'manja kamodzi, n'kukhala chete kaye.

"Nanga anali kuti?"

"Anali pomwepa, azakhali. Ufa ulipo m'thumba, wasowa ndi mphika."

Anthu ambiri amasokonezeka pamenepa, ndipo sindiwaseka. Kwa munthu amene wakhala akungodina kawiri chithunzi n'kutseguka, chithunzicho ndi chochitsegulira ndi chinthu chimodzi. Koma ndi ziwiri. Chithunzi ndi faelo yomwe yagona pa hadi disiki, ndipo pamafunika pulogalamu ina yoti iiwerenge n'kuionetsa. Pulogalamuyo ikachoka, faelo imatsala ili bwinobwino. Chimene chimapha zithunzi ndi kufomata kumene anawauzako, kuja kofufuta zonse za pa hadi disiki, makamaka wofomatayo akaiwala kukopera mafoda pambali. Liwu lakuti "tiifomate" limatuluka msanga kwambiri pakamwa pa okonza ena, ngakhale vuto litakhala la mphindi zochepa.

Ndinafufuza pulogalamu ya Photos, imene imabwera ndi Windows 10 ndi Windows 11. Kunalibe. Ikanakhalapo koma n'kumangodzitsekera kapena kuonetsa mdima, njira yake ndi yapafupi. Umalowa ku Settings, kenaka Apps, n'kupeza Microsoft Photos, n'kudina Advanced options. Mmenemo muli mabatani awiri, Repair ndi Reset. Umayamba ndi Repair, ikakanika n'kupita ku Reset, ndipo onse awiriwo sakhudza zithunzi zako. Zikavutabe umaichotsa n'kukaitenganso ku Microsoft Store, kotengera mapulogalamu a Windows. Koma pa makina a azakhali panalibe choti n'kuchikonza. Photos kulibe, Store nayonso kulibe, ngakhale kakyuleta ndinamusowa.

Apa m'pamene ndinadziwa zimene zinachitika. Pali ma Windows ena odulidwadulidwa amene anthu amapatsirana pa fulashi, ochotsedwa mapulogalamu ambiri kuti azithamanga pa makina okalamba. Laputopu zambiri za kaunjika zili ndi RAM yochepa, memore imene kompyuta imagwirira ntchito, ndiye wokonza akafuna kuti kasitomala aone kusintha tsiku lomwelo, amaika zoterezi. Kasitomala amapita akumwetulira, n'kudzazindikira patapita masiku kuti kwasowa zinthu. Mnyamatayo sindikumunena kuti ndi wakuba, liwiro analibweretsadi. Koma akanawauza zimene wachotsa.

Ndili mkati moganiza chochita, magetsi anathima. Batire ya laputopuyi inafa kalekale, imayaka ikakhala pa waya basi, ndiye sikirini inangoti bii. Azakhali anati zachita bwino, ndidye kaye. Panali nsima ya mgaiwa, matemba a ku Chilwa ndi nkhwani zotendera. Tikudya anandifotokozera za mkangano wa mtundu wa malaya, ena akufuna oyera, ena a buluu, ndipo amalume a ku Lilongwe sanatumizebe gawo lawo la simenti. Zimenezo ndi za tsiku lina.

Magetsi atayaka cha m'ma 2 koloko ndinali nditaganiza kale. Njira zinalipo ziwiri.

Ina inali kudzutsa pulogalamu yakale ija ya Windows Photo Viewer, imene tonse tinaizolowera pa Windows 7. Windows 10 itabwera mu 2015, pulogalamuyi sinachotsedwe, inangoikidwa kumbuyo. Mpaka lero ukalowa mu Program Files umaipeza foda yake, ndipo ngakhale pa makina a azakhali inalimo. Koma pa Windows yoikidwa mwatsopano imangotsegula zithunzi za mtundu wa TIFF, ndipo kuti iyambe kulandira JPG ndi PNG pamafunika kusintha zinthu mu registry, kaundula wamkati momwe Windows imasunga malangizo a kagwiridwe kake. Ambiri amangotsitsa kafaelo ka .reg pa intaneti n'kukadina. Ine pa makina anga ndikhoza kutero nditakawerenga kaye mzere ndi mzere, koma pa makina a munthu wamkulu, okhala ndi Windows yosadziwika kochokera, ndinaona kuti ndisaonjezere zina zosadziwika.

Ndinasankha njira inayo, kuika pulogalamu yapadera. Ndinatenga IrfanView, yakalekale, inayamba mu 1996, yaulere kwa woigwiritsa ntchito pakhomo, ndipo ndi yaing'ono moti mamegabaiti ochepa chabe a bandulo yanga ndi amene anapita nditayatsa hotspot pafoni. Ndinaitenga pa tsamba lake lenileni, osati pa masamba aja odzaza mabatani obiriwira a Download amene umatuluka nazo zinthu zomwe sunapemphe. Maonekedwe ake si okopa, koma imatsegula chithunzi usanaphethire. Nditaiika ndinadina chithunzi chimodzi ndi batani lakumanja, n'kusankha Open with, n'kuloza IrfanView, kenaka n'kuchonga kabokosi kakuti nthawi zonse izitsegula ndi imeneyi. Ndinachitanso chimodzimodzi ndi chithunzi cha PNG. Anthu ambiri amaiwala kabokosi kameneka, n'chifukwa chake mawa lake funso lija limabweranso.

Ndinawapatsa azakhali kuti adine okha. Zinatseguka. Ndinawaonetsa kuti akakanikiza batani lalitali lapansi lija, chithunzi chotsatira chimabwera. Anayenda nazo mpaka anafika pa zithunzi zingapo zomwe zinakana.

Zimenezi zinali zina. Mayina ake ankathera ndi HEIC, ndipo zinachokera kwa msuweni wanga wa ku Johannesburg amene ali ndi iPhone. Kuyambira 2017 mafoni amenewa amasunga zithunzi mu mtundu umenewu pofuna kusunga malo, ndipo Windows imafuna zoonjezera zina za ku Store kuti iziwerenge, Store imene ife tinalibe. Msuweniyo anazitumiza pa WhatsApp ngati Document kuti zisachepe ubwino, maganizo abwino ndithu, koma zikatero zimafika momwe zilili. Ndinamulembera kuti azitumizenso ngati zithunzi wamba atadina HD, chifukwa zikadzera njira imeneyo zimafika zili JPG. Ndinamuuzanso kuti pafoni yake alowe ku Settings, Camera, Formats, asankhe Most Compatible, kuti zomwe azijambula kutsogoloku zisamativute kuno. Anayankha ndi kankhope koseka, koma anatumiza.

Ndisananyamuke ndinakopera foda yonse pa fulashi yanga, ndipo zithunzi za agogo zokha ndinazitumizanso ku imelo yanga. Azakhali anafunsa ngati makinawo achira tsopano. Ndinawauza zoona, kuti zithunzi zikutseguka koma Windows yakeyo sindikuikhulupirira. Ndiponso Microsoft inasiya kutumiza zokonza zachitetezo zanthawi zonse za Windows 10 pa 14 October 2025, ndiye nkhani yoika ina yoyenera tidzakhalira pansi chiliza chikadutsa, zinthu zonse zitakoperedwa kaye.

Chomwe chatsala ndi kusankha chithunzi. Azakhali akufuna cha duku la kumvano chija. Ine ndawauza kuti n'chojambulidwa ndi foni kuchokera pa chithunzi chakale cha pepala, ndipo akachikulitsa pamalaya nkhope idzaoneka yachimbuuzi. Chakuthwa bwino ndi chimene agogo ali pa mkeka akusenda chimanga, koma azakhali akuti anthu a kumpingo sangavale malaya a mayi wawo ali opanda nsapato. Tagwirizana kuti Lolemba tipite nazo zonse ziwiri kwa wosindikiza, atiyesere papepala tione ndi maso. Zovala zija ndichapa mawa tikaweruka ku tchalitchi.