Mmene ndimagulira buku la zithunzi la nkhani zopeka za sayansi kwa wogulitsa wakutali

Ndikaona buku likutsatsidwa pa mawebusaiti a malonda monga eBay kapena AbeBooks, za mtengo ndimayamba ndaziika pambali. Choyamba ndimafuna kudziwa kuti buku limeneli ndi liti kwenikweni, chifukwa mutu umodzi umasindikizidwa ndi makampani angapo pa zaka zosiyana, ndipo mitengo yake imatalikirana kwambiri. Dune ya Frank Herbert inatuluka koyamba mu 1965 ku kampani ya Chilton. Mu 1978 kunabwera The Illustrated Dune, yokhala ndi zojambula za John Schoenherr. Folio Society, kampani yosindikiza mabuku a zithunzi ya ku London, yomwe inayamba mu 1947, inatulutsa yake mu 2015 ndi zithunzi za Sam Weber, kenako mu 2020 inatulutsanso ina ya makope 500 okha. Ndiye wogulitsa akangolemba kuti ali ndi Dune ya zithunzi yosowa, ndimaona kuti palibe chimene wandiuza.

Ndimamulembera kupempha zithunzi za buku lenilenilo, osati zotapa pa intaneti. Ndimafuna msana wa buku, m'mphepete mwa masamba mbali zonse zitatu, makona, mkati mwa chikuto kutsogolo ndi kumbuyo, kabokosi kolowetsamo buku, komanso masamba awiri amene amathetsa nkhani yonse: la kuseri kwa tsamba la mutu, ndi la kumapeto ngati bukulo ndi la makope owerengeka. Wogulitsa wokana kujambula masamba amenewa ndimamusiya, kaya mtengo ndi wokoma bwanji.

Tsamba la kuseri kwa mutu ndi pamene Folio Society imalemba chaka ndi ulendo wa kusindikiza. Buku likamayenda malonda amalibwereza, ndipo amalemba poyera kuti uku ndi kusindikiza kwachiwiri, kwachitatu, mpaka m'tsogolo. Zithunzi ndi zomwezo, moti kwa wongofuna kuwerenga palibe kusiyana. Koma ngati ndikulipira mtengo wa kusindikiza koyamba, ndimafuna kuona ndi maso kuti tsambalo silikutchula ulendo wina.

Msampha waukulu uli pa makampani awiri apachibale a ku America. George Macy anayambitsa Limited Editions Club mu 1929, ndipo mu 1935 anawonjeza Heritage Press kuti mabuku omwewo azipezeka pa mtengo wotsika. The Martian Chronicles ya Ray Bradbury inatuluka ku Limited Editions Club mu 1974, makope 2,000, ndi zithunzi za Joseph Mugnaini, ndipo onse awiri anasainamo. Heritage Press inatulutsa yake ndi zithunzi za wojambula yemweyo, koma yopanda nambala ndi siginecha. Pa kachithunzi kakang'ono ka pa foni mabuku awiriwa akhoza kukusokonezani, ndipo ogulitsa ena, kaya mwadala kaya mosadziwa, amasakaniza mayina. Njira yake ndi tsamba lakumapeto lija, limene akatswiri amati colophon: pamenepo pamalembedwa chiwerengero cha makope onse, nambala ya kope limenelo yolembedwa pamanja, ndi masiginecha. Kapepala kamene kamabwera ndi buku nakonso kamaulula. Ka Limited Editions Club kamatchedwa Monthly Letter, ka Heritage Press ndi Sandglass. Ndikaona Sandglass ikusuzumira m'buku limene akuti ndi la makope 2,000, ndimadziwiratu kuti mtengowo ndi wa buku lina.

Makampani ang'onoang'ono a masiku ano, monga Subterranean Press, Centipede Press ndi Suntup Editions, amakonda kugawa buku limodzi m'magulu. Pali makope a manambala, ndipo nthawi zambiri pamakhalanso a zilembo, 26 okha, kuyambira A mpaka Z, omwe amakutidwa mwapamwamba ndipo ndi okwera mtengo koposa. Pena m'malo mwa nambala mumapeza zilembo PC. Limenelo ndi kope la wosindikiza, lapadera pa chiwerengero chija. Si labodza ayi, koma ogula ambiri salilipira mofanana ndi la nambala, choncho inenso sinditero.

Za siginecha ndimangowerengera zaka. Herbert anamwalira mu 1986, ndiye buku la 2015 silingakhale ndi dzanja lake pa tsamba lenileni. Ngati lilipo, ndi kapepala komata kochokera kwina, ndipo kamafuna umboni wakewake. Bradbury anamwalira mu 2012.

Ndikatsimikiza kuti buku ndi lomwelo, ndimatembenukira ku thanzi lake. Ogulitsa amagwiritsa ntchito magiredi akuti Fine, Near Fine, Very Good ndi Good, kuyambira lapamwamba kutsika m'munsi, ndipo lomalizali lisakunamizeni, limaperekedwa kwa buku loti lagwira ntchito mpaka kutopa. Ine ndimakhulupirira zithunzi kuposa giredi. Msana ndimauyerekeza ndi chikuto cha kutsogolo: ukaoneka wotuwa, ndiye kuti unakhala padzuwa kapena pafupi ndi zenera, ndipo mtundu ukachoka subwereranso. Mabuku a m'kabokosi ndiwo amavutika kwambiri ndi zimenezi, popeza msana wokha ndi umene umakhala pamtunda. M'mphepete mwa masamba ndimafufuza timadontho tofiirira tobwera ndi chinyezi. Ndimapemphanso kuti aligoneke patebulo alijambule kuchokera kumunsi, kuti ndione ngati msana unapendekeka chifukwa chotsamira pa shelefu zaka zambiri.

Mabuku a Easton Press, a ku Norwalk m'chigawo cha Connecticut ku America, ali ndi zawozawo. Gulu lawo la Masterpieces of Science Fiction ndi la chikopa, masamba opaka golide m'mphepete, nsalu yonyezimira mkati mwa chikuto ndi kariboni kosungira tsamba. Golideyo sachedwa kukandika, ndipo pa chithunzi chojambula molunjika zokandikazo zimabisala, motero ndimapempha chojambulidwa chammbali pansi pa nyali. Kampaniyi inkatumizanso kapepala koti mwini buku alembepo dzina n'kumata mkati. Kakamatidwa, mtengo umatsika, ndipo ofuna kukamatula amasiya chipsera pa nsalu ija, chimene chimaipa kuposa kapepalako.

Buku lomwe likadali m'pulasitiki yake yomata anthu amalithamangira, koma ine limandikayikitsa. Simungaone kuti ndi kusindikiza kwachingati, simungadziwe ngati zithunzi zonse zilimo, ndipo makina omatira pulasitiki aliyense angathe kukhala nawo.

Funso lomaliza ndi la fungo, popeza chithunzi sichinunkha. Ndimafunsa mosapita m'mbali ngati m'nyumbamo mumasutidwa fodya, kapena ngati buku linasungidwa m'galaja kapena m'chipinda chapansi.

Mtengo ndimautenga pa makope amene anagulidwa kale, osati amene akungotsatsidwa. Pa eBay pali posankha kuti muone ogulidwa okhaokha. Polipira ndimadutsa pa webusaiti yomweyo, kapena pa PayPal, njira yolipirira pa intaneti, ngati malipiro a katundu. Wogulitsa akapempha kuti nditumize ngati mphatso kwa mnzanga kuti tipewe kachindapusa, ndimakana, chifukwa njira imeneyo ilibe chitetezo cha wogula.

Mabuku ambiri amaonongekera panjira. Buku lolemera likamagwedera m'kabokosi kake limamenya makoma mpaka msoko kung'ambika, ndiye ndimapempha kuti alikulunge ndi pepala loyera, alimange kuti lisasunthe, aliike m'jumbo yoteteza ku mvula, kenako m'katoni yolimba yokhala ndi zofewa zosachepera masentimita 5 mbali zonse. Envelopu yofewa ayi. Ndimafunsa kulemera kwake ndisanalipire, popeza phukusi likapitirira makilogalamu 2 mtengo wa positi umadumpha, ndipo gulu la mabuku atatu ngati Foundation ya Isaac Asimov, imene Folio inatulutsa mu 2012 ndi zithunzi za Alex Wells, limafika pamalire amenewo mosavuta likalongedzedwa bwino. Nambala yolondolera phukusi ndi inshuwaransi sindizisiya. Ngati pali m'bale amene akuchokera ku Britain kapena ku Johannesburg, kuli bwino buku lifikire kwa iye, alinyamule m'chikwama cha m'manja, osati chopita kunsi kwa ndege.

Likafika ndimajambula katoni ndisanatsegule, makamaka ngati ili yophwanyika pakona. Potulutsa buku ndimapendeketsa kabokosi kuti litsetserekere m'dzanja. Kukoka ndi chala pamwamba pa msana ndiko kumang'amba mutu wake. Kenako ndimatsegula tsamba la mndandanda wa zithunzi n'kuwerenga chimodzichimodzi, chifukwa alipo amene amadula chithunzi kukaika mufelemu, ndipo amasiya kachidutswa kopyapyala pafupi ndi msoko. Ndikapeza vuto ndimadandaula tsiku lomwelo. eBay imapereka masiku 30 okha.

Kusunga kwathu kuno kuli ndi nkhondo yake kuyambira Novembala mpaka Epulo. Chinyezi chikapitirira 65 peresenti kwa masiku angapo, chuku chimayamba pa nsalu ndi chikopa. Ndimaika kachipangizo koyezera chinyezi pa shelefu, ndipo chikakwera ndimasamutsira mabuku m'kabati yotseka yokhala ndi timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel, timene ndimaumitsanso tikakhuta madzi. Shelefu isagunde khoma lakunja ndipo isayambire pansi penipeni, chifukwa chiswe chimadutsa kuseri mosaoneka, pamene mphemvu zimanyambita guluu wa pamsana. Mabuku aime chilili, ofanana msinkhu pamodzi, osapanikizana. Polishi, mafuta ndi selotepi zisayandikire. Kabokosi kakang'ambika ndimakamata ndi guluu wa PVA wopanda asidi, pang'ono chabe ndi kaburashi, n'kukamanga ndi kansalu usiku wonse buku lili kunja.