Zikomo anthu a ku Kasungu, mutu wa manambala tautsiriza

Ife aphunzitsi a masamu amene timakumana ndi ana a Fomu 3 Loweruka lililonse tamaliza mutu wa mitundu ya manambala, ndipo tikufuna kuthokoza poyera.

Makolo, zikomo pomasula ana ngakhale ntchito ya fodya inali itakula pakhomo. Kwa abusa amene munatibwereka chipinda, Mulungu akudalitseni.

Bambo mmisiri wa matabwa, inu munatithandiza koposa. Thabwa lija munadula mita imodzi mbali zonse zinayi, ana analiyeza kuchoka pangodya kufika pangodya yopingasa napeza masentimita 141 ndi kanthu pang'ono. M'mamita, ameneyo ndiye √2 (nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka 2), kapena kuti 1.41421356..., nambala yosatha komanso yosabwereza. Yotere ndi irrational: singalembedwe ngati fulakishoni ya ma integer (manambala athunthu) awiri. Achimwene a kabaza, tayala lanu la masentimita 70 kupingasa kwake linatenga chingwe cha masentimita pafupifupi 220 kuzungulira. Pogawa 220 ndi 70, yemwe ndi 22/7, anawo anafika pafupi ndi π, nambala imene imapezeka ukagawa kuzungulira kwa chinthu chozungulira ndi kupingasa kwake.

Apa mpamene ambiri amapunthwa, choncho aphunzitsi anzathu musapadumphe. 22/7 si π. 22/7 ndi 3.142857 ndipo madijiti 142857 amangobwerezabwereza, ndiye kuti ndi rational (ingalembedwe ngati fulakishoni), pamene π ndi irrational, 3.14159... Amasiyana pa dijiti yachitatu pambuyo pa kadontho. Kakyuleta imasokonezanso chifukwa imadula yankho pomwe sikirini yathera, mwana n'kuganiza kuti √2 watha. Wina akangoona chizindikiro cha √ amalemba irrational, chonsecho √9 ndi 3, ndipo √2 × √8 ndi √16, yemwe ndi 4. Yambani mwafewetsa, kenako muweruze.

Za 1, 2, 3, za 0, ndi za manambala apansi pa ziro monga −5 sizinavute. Onsewa ndi rational, pakuti −5 ndi −5/1. Kungoti pansi pa fulakishoni pasakhale 0.

Amayi amene munkaphika phala, zikomo. Mwana wanjala sakanapirira kusintha 0.272727... kukhala fulakishoni: kuitcha x, kuchulukitsa ndi 100, kuchotsa x n'kutsala 99x = 27, mpaka kupeza 3/11. Tsopano akutha.

Loweruka likubwerali tiyamba kuchotsa √ pansi pa fulakishoni, monga kusandutsa 1/√2 kukhala √2/2. Ana abwere ndi makope awo akale.