Za kavidiyo ka ku Croke Park kaja, imvani kaye mbali yanga

Inde ndine amene, wajezi ya buluu yothina pamimba uja ndi ine, ndiye amene mwakafukulanso kavidiyo kaja kondionetsa ndikuvina ndekha pakati pa masapota ku Croke Park, bwalo lamasewero la mumzinda wa Dublin ku Ireland, nkumagawana, musanandipatse dzina lina tamvani kaye, chifukwa wojambulayo anayambira pakati.

Tikiti sindinagule ayi. Matikiti a fainolo ya All-Ireland, mpikisano waukulu wa mpira wachikhalidwe cha ku Ireland wotchedwa Gaelic football, sapezeka chisawawa, amadutsira m'makalabu ndipo anthu amachita kudandaulira abale awo onse kuti apeze imodzi. Mnzanga wa kuntchito bambo ake mwendo unawavuta, ndiye akuti tiye iweyo, paja umati mpira umaudziwa. Ine ndinangomva zoti mpira basi. Dublin ndi Kerry, pa 30 Julaye 2023, anthu oposa 82,000, ife tili chilili ku Hill 16 kopanda mipando kuja, komwe kumaima masapota a Dublin enieni osati ongoperekeza anzawo.

Zoti akuthamanga ndi mpira m'manja ndinazizolowera msanga. Ndinakuwako "hendi!" koma nditaona kuti refa alibe nazo ntchito, komanso nditawerenga nkupeza anthu 15 mbali iliyonse, ndinangoti kwa eni kulibe mkuwe, ndikhale chete ndiphunzire. Mukuona? Ndinali ndi mtima wophunzira ine.

Kenako goloboyi wa Dublin, Stephen Cluxton, mkulu wa zaka 41, ananyamuka kugolo kwake kuyenda mwachifatse mpaka kutsogolo, kutchera mpira pansi, kuumenya, mpira nkudutsa pamwamba pa bala. Waphonya. Koma Hill yonse m'manja, kukuwa, kukumbatirana. Ine mumtima ndinati eee anthu awa ndi aulemu bwanji, munthu wamkulu wataya mpira koma akumulimbitsa mtima, kwathu akanamutukwanira mtundu wonse. Ndipo pambali pa golo panali bambo wina wovala chikhoti choyera ngati wogulitsa nyama ku butchala, anakweza mbendera yoyera. Mbendera yoyera amwene. Ndiuzeni dziko limene mbendera yoyera imatanthauza kuti zinthu zayenda bwino.

Ndiye kunabwera David Clifford wa Kerry, amene anthu ankangomutchula monong'ona kuyambira m'basi. Watenga mpira, watembenuka, waumenya, mpira uyooo m'mwamba, pamwamba pa bala, bambo wa chikhoti wakweza mbendera yoyera ija. Abale inu, ndinadumpha. Ndinakuwa mpaka kukhosi kuwawa, "Waphonyaaa! Ameneyu ndiye mumamuopa uja? Akugenda mbalame ameneyu!" theka m'Chichewa theka m'Chingerezi kuti uthenga ufike kwa onse. Ndinavula sikafu nkumaizunguza m'mwamba, kenako miyendo inayamba yokha, kabeni pang'ono, phewa uku phewa uku, kutsika pansi mpaka mawondo kulira, kukweranso. Maso ndinali nditatsinzina, ndiye vuto lake linali limenelo, chifukwa munthu ukatsinzina sudziwa kuti ukuvina wekha. Ndinamugwira m'mapewa bambo wina wandevu amene anali kutsogolo kwanga nkumugwedeza kuti naye asangalale, thupi lake gwa, osagwedezeka. Ndinamupsopsona pachipewa. Inde, pachipewa, mbali imeneyo kavidiyo sikananame.

Nditatsegula maso, anthu onse ondizungulira ali zii, maso tong'o pa ine, kamwana kena kali pamapewa pa bambo ake kasiya kutafuna tchipisi, kukamwa yasa. Mwendo wanga umodzi unali ukadali m'mwamba ndipo sindinadziwe ngati ndiutsitse msanga kapena pang'onopang'ono. Mnzanga uja anali atayang'ana kumbali ngati sitinabwere limodzi.

Anandipulumutsa ndi agogo ena aakazi, anandikoka jezi nkundifotokozera ngati mwana wa ku mkaka kuti mpira ukadutsa pamwamba pa bala pakati pa mitengo iwiri italiitali ija ndi pointi imodzi, mbendera yoyera, ukalowa mu ukonde ndi chigoli, mapointi atatu, mbendera yobiriwira. Ndiye kuti ine, nditavala jezi ya Dublin, pakati pa Hill 16, ndavinira pointi ya Kerry. Koma tanenani zoona, munthu tinakhala naye mu pabu m'mawa wonse akundiuza mbiri ya agogo ake, analephera chani kungonena kuti kuno kuphonya ndiye kugoletsa? Wolakwa ndi ndani pamenepa?

Kuyambira pamenepo ndinkadikira kaye bambo wandevu uja, akadumpha nane ndidumphe, akatukwana nane nditukwane. Paddy Small atagoletsa chigoli cha Dublin ndinachedwa dala kusangalala mpaka nditaona mbendera yobiriwira ndi maso angawa. Pomaliza bolodi ikuti 1-15 kwa 1-13, ine ndikuyembekeza mapenate poti zigoli ndi 1-1, anthu akulira ndi chisangalalo, ndinachita kutulutsa foni kuwerengera pa kakyuleta kuti ndi 18 kwa 16. Pamene kaputeni wa Dublin, James McCarthy, ankanyamula chikho cha Sam Maguire ine ndinali ndikubwereza samuyo kuti nditsimikize.

Kuntchito mpaka pano amanditchula Clifford. Akuti adzanditengeranso ku hurling, wina uja amasewera ndi ndodo. Ndawauza kuti tsiku limenelo ndili pa shifiti, ngakhale deti sananene.